Paipi Yochokera kwa a Teng

Rediyeta yotenthetsa m'nyumba inazizira Lachiwiri m'mawa, ndipo pofika Lachinayi Qiao Fenglan anali atayamba kuikalipira ngati munthu. Chinali chitsulo chakalekale cha nthiti khumi ndi zinayi, chokhala pansi pa windo m'chipinda chawo chimodzi chokhacho, ndipo pa zaka makumi atatu chinali chisanamuchitepo chipongwe chotere. Chinachita kudikira Disembala, sabata imene mwana wake Dongmei anali m'chikuta ndi khanda la masiku khumi ndi awiri lobadwa miyezi isanakwane, kuti chionetse khalidwe lake lenileni.

Khandalo linali kamtsikana kopepuka moti ukakanyamula unkayamba wasuzumira m'bulangeti kuti uone ngati kalimodi. Powatulutsa m'chipatala namwino sanapsatire mawu: chipinda chisatsike pa madigiri 22, chifukwa mwana wotere akazizidwa kamodzi kokha ndi chibayo, ndipo chibayo cha mwana wotere sichichedwa. Choyezera cha pakhoma chinkaloza 13 m'mawa. Masana ano chinali pa 11. Kunja kunali mzinda wa Hegang wa masiku onse, kumene malovu amaundana asanafike pansi, ndipo kutuluka nako kamwanako kukanakhala kukapha ndi manja.

"Amayi, isiyeni," anatero Dongmei ali pabedi, atavala chipewa chaubweya ndi majuzi awiri. "Mukuikalipira ngati mmene munkawakalipirira ababa."

"Bambo ako ndikawakalipira ankatenthako. Ichi chikungondiyang'ana."

Anaseka onse awiri, kuseka kwa pakamwa pokha, maso ali pakhoma paja.

Zonse zimene malemu mwamuna wake anamuphunzitsa Fenglan anali atazichita, zina mpaka kanayi. Anapapasa chitsulocho kuyambira pamwamba mpaka pansi, pakuti chikatentha pansi pokha ndiye kuti mwalowa mpweya, ndipo chikatentha pamwamba pokha ndiye kuti mwadzaza matope. Ichi chinali zii paliponse. Anatchera beseni n'kumasula kasikuluwu ka pambali kotulutsira mpweya. Kanangoti psii kamodzi, kenaka kunadontha timadzi takuda tozizira tosadzaza n'kapu yomwe. Anagogoda nthiti iliyonse ndi sipanala. Anayatsa hita yamagetsi, koma inathimitsa magetsi kawiri, ndipo ulendo wachitatu khoma linayamba kununkha mawaya opsa mpaka anaizula. Anaimbira akampani yotenthetsa madzi. Mtsikana wa mawu okoma anamuuza kuti paipi yaikulu yaphulika kutsidya kwa njanji, amisiri onse ali kumeneko, dzina lake lalembedwa, afika Lolemba.

Kothawira kunalibe. Nyumba yawo ya nsanjika zisanu inamangidwira anthu a kumgodi wa malasha, ndipo mgodi utatsekedwa anthu anabalalika. Khomo loyang'anana ndi lake linali ndi loko chaka chachitatu. A pansi pake anapita kwa ana awo kum'mwera kukathawa chisanu. Mayi wa sitolo ya pansi penipeni anali ndi chipinda chofunda bwino, koma ndani angalandire mayi wa m'chikuta pakhomo pake? Anangopereka mabotolo awiri a raba othiramo madzi otentha, ndi pepani wambirimbiri. Mkamwini anali panyanja ndi sitima yakatundu, kumene foni imagwira kamodzi pa sabata.

Panatsala chinthu chimodzi, chimene Fenglan anachidziwa Lachiwiri lomwelo n'kumachizemba dala. M'nyumba zakale ngati imeneyi madzi otentha amakwera ndi paipi yaikulu mpaka pamwamba penipeni, kenaka amatsika ndi paipi imodzi yoboola nyumba iliyonse, wapamwamba kuyamba, wapansi kumalizira. Paipi yotsika padenga la Fenglan inali yozizira mpaka pamene inalowera m'simenti. Madzi ankaima m'nyumba ya pamwamba pake, kwa a Teng.

A Teng Fuhai anakumba malasha zaka makumi awiri ndi zisanu, ndipo malashawo anawasiyira timizere tabuluu pamphumi ndi m'manja tosachoka ndi sopo. Sankacheza ndi munthu. Kalekale, Dongmei ali ku pulayimale, anakangana ndi mwamuna wa Fenglan polimbirana malo oika mtsuko wa kabichi wowawasa pamasitepe. Mkangano wake unali wa mbali imodzi, bambo a Dongmei akutukwana, a Teng ali duu. Kenaka a Teng anawagwira pakolala, kuwanyamula, n'kuwalendeweretsa kunja kwa chitsulo chogwirira cha masitepe, pansi pali nsanjika zinayi za mphepo yokhayokha. Anawagwira choncho osanena kanthu mpaka munthu wamkulu anadzinyowetsa. Fenglan anaziona ndi maso ake, ndipo kuyambira tsiku limenelo akamva nsapato za a Teng pamasitepe ankabwerera m'nyumba n'kudikira zidutse.

Akazi awo, a Sufen, anali munthu wochepa thupi, wopereka moni ndi maso okha amuna awo akayang'ana kumbali. Chiyambireni kuyoyoka masamba anali chigonere ndi chifuwa, ndipo paipi ija, poti chitsulo sichisunga chinsinsi, inkatsitsa chifuwa chawocho m'mawa uliwonse. Kuyambira Lachiwiri chifuwacho sichinamvekenso. Chinamveka ndi chinthu cholemera chikugwa, kenaka chikukokedwa pansi pang'onopang'ono tsiku lonse, ndiyeno mapazi a munthu mmodzi opita uku ndi uku. Fenglan akaganiza zimenezi ankabwerera kukagogoda nthiti za rediyeta ngati kuti vuto lili momwemo.

Nthawi itangopitirira 1 koloko Dongmei anasiya nthabwala.

"Amayi, sakuyamwa. Akungogwira bere n'kulisiya."

Fenglan anapisa dzanja m'bulangeti. Mabotolo anali ofunda ndithu, koma timapazi tinali zii, ndipo timilomo tinali titayamba kuda. Kamwanako kanayesa kulira, mawu ake osafika ngakhale pakhomo. Apa mantha amene anali nawo pa a Teng anakumana ndi akulu awo.

"Muike pachifuwa pako, khungu ndi khungu, mufunde zonse zili m'nyumba muno. Ine ndikukwera pamwamba."

"Kwa a Teng? Ndiye tengani sipanala."

"Ndikamenye nayo ndani? Munthu uja sipanala akhoza kuitafuna."

Anaitenga ndithu, n'kuibisa m'thumba la epuloni.

Masitepe ake anali ochepa, koma anawakwera ngati wopita kukagamulidwa mlandu. Pakhomo pa a Teng pankazizira kuposa pamasitepe. Chiboo cha kiyi chinali chitamera chisanu choyera, ndipo pansi pa chitseko pankatuluka mphepo yomuluma m'akakolo. Munthu wamoyo sakhala m'nyumba yotere. Anagogoda, kudikira, kugogodanso. Mkati munamveka mpando ukusuntha.

"Achimwene a Teng, ndine wa pansi panu. Ndikudziwa muli momwemo, mapazi anu ndikumawamva."

Chitseko chinatseguka mpata wa dzanja. A Teng anali atavala chikhoti chawo cha kumgodi ndi chipewa chophimba makutu, nsidze zili mbuu ndi chisanu, maso ali psuu.

"Mukufuna chiyani, amake Dongmei?"

Awa anali mawu oyamba pakati pawo pa zaka makumi awiri.

"Madzi aima kwanu kuno. Kwathu kuli khanda."

"Ndikudziwa kuti kuli khanda. Makutu ndili nawo."

"Ndiye ndione paipi yanu."

"Ilibe vuto."

"Ilibe vuto mphepo ikuchita kutuluka pansi pa chitseko? Achemwali a Sufen akudwala chifuwa, inu mwawatsegulira mawindo?"

Atamva dzinalo nkhope ya a Teng inagwedera, dzanja logwira chitseko n'kulefuka. Fenglan analowetsa phazi, kenaka phewa, asanaganize n'komwe ngati akufunadi kuona za mkatimo.

Windo linali lotsegula mbali zonse ziwiri. Chipale chofewa chinali chitawazika pansi mpaka pamiyendo ya tebulo, ndipo tiyi wa m'kapu anali atauma gwa. Pabedi panagona a Sufen chagada, atavala zovala za ulendo womaliza, zabuluu woderako, zimene amayi a msinkhu wawo amasokeratu okha n'kusunga pansi pa sutikesi. Kumaso kunali kophimbidwa ndi pepala lachikasu, mapazi atamangidwa pamodzi ndi kachingwe. Kumutu kunkayaka kanyali ka mafuta kotchingidwa ndi njerwa kuti mphepo isakazime, pambali pake mbale ya mpunga timitengo todyera titazikidwa chilili.

Kumbuyo kwake chitseko chinatsekeka, a Teng n'kuchitsamira ndi msana.

Ganizo loyamba limene linamufikira Fenglan, limene anachita nalo manyazi pambuyo pake, linali lakuti munthuyu wapha mkazi wake ndipo tsopano wotsatira ndi iye. Dzanja lake linapeza sipanala m'thumba muja, koma zala zinakana kuifumbata.

"Anatisiya Lolemba," anatero a Teng, akuyang'ana pansi. "Ndinawasambitsa ndekha, kuwaveka ndekha. Mabatani a nsalu awa anandivuta."

"Pepani, achimwene. Pepani kwambiri." Fenglan anatulutsa dzanja m'thumba. "Koma bwanji osauza anthu? Masiku atatu?"

"Ndiuze anthu kuti galimoto ibwere? Mukudziwa kumene imapita nawo, kootchera maliro kuja. M'mawa munthu, madzulo kabokosi ka phulusa." Anapukuta mphuno ndi dzanja la chikhoti. "Mchimwene wa Sufen anapsera mumgodi, ndipo iwo ndi amene anakamuzindikira. Chichokereni kumeneko moto ankauopa, ngakhale wa pachitofu. Anandigwira dzanja apa n'kunena kuti, 'Fuhai, ndazizidwa moyo wanga wonse osadandaula, koma usandiotche. Ukandiike kumudzi pafupi ndi amayi.' Ndinavomera."

"Ndiye mukudikira chiyani?"

"Nthaka yauma ngati mwala. Alamu anga akuyatsa moto pamanda usana ndi usiku kuti khasu lilowe. Loweruka abwera ndi lole ya chimanga, tidzawatsitsa mwakachetechete. Mawa ndi mkuja basi, amake Dongmei."

Fenglan anayang'ana pakona pamene paipi inatulukira padenga. Kagudumu kotsekera madzi kanali katachotsedwa, patatsala kamutu kachitsulo kokha. Munthuyu anatseka madzi kuti mtembo usawonongeke, ndipo potseka ake anatseka a aliyense wokhala pansi pake.

"Loweruka mwana uja safikako," anatero. "Wasiya kuyamwa. Milomo yayamba kuda."

"Mufunditseni."

"Ndimufunditse chiyani china? Makatani? Tsegulani madzi."

"Ndikatsegula, chitsulo chili pambali pa bedi ichi chitentha ngati ng'anjo. Pofika mawa fungo lili pamasitepe."

"Ndiye apiteni nawo pakhonde. Pamenepo nyama imakhala mpaka Malichi osawonongeka."

A Teng anachoka pachitseko n'kuponya mapazi kawiri kubwera kwa iye. Anali wamtali monga kale, ndipo Fenglan anabwerera m'mbuyo mpaka msana unagunda kabati.

"Mwati nyama? Mkazi wanga ndimugoneke pakati pa kabichi ndi mwendo wa nkhumba?"

"Sindinatero."

"Mwatero."

"Chabwino, ndatero, pakamwa panga mukupadziwa. Koma mverani kuno. Ndikatsika pansi popanda madzi ndikukaimba foni, ndipo amene ndikawaimbire sadzati Lolemba. Mukafuna kundiletsa, chitsulo cha masitepe chija chikadalipo."

Ananena zimenezi ali wotsimikiza kuti dzanja lija likubwera pakhosi pake. Koma a Teng anatulutsa manja onse awiri m'matumba n'kumuonetsa. Lamanja linali lopinimbira, zala zitakhota ngati zikufuna kutola kanthu, ndipo linkanjenjemera lokha.

"Pakhonde ndinaganizapo kale," anatero motsitsa mawu. "Ndinayesa Lachiwiri. Ndinawagwetsa, amake Dongmei. Mutu unagunda pansi apa. Zinanditengera tsiku lonse kuwabwezera pabedi. Ndikanaitana ndani m'nyumba muno? Ndani amandipatsa moni?"

Fenglan anamva chisoni, koma chisonicho chinalibe nthawi. M'maganizo mwake munali timapazi tija. Anavula magolovesi, n'kupita kumiyendo kwa bedi.

"Achemwali a Sufen, ndi ine Fenglan wa pansi panu. Musadzidzimuke. Tikusunthani pang'ono pokha."

"Musawagwire!" A Teng anatambasula dzanja. "Kwanu kuli chikuta. Mukagwira maliro simulowanso m'chipinda cha mwana mpaka mwezi utatha. Mwaiwala?"

Sanaiwale. Anazikumbukira asanavule n'komwe magolovesi. Fenglan sanali munthu wa miyambo yambiri, ndipo zambiri za akuluakulu ankaziseka poyera, koma uwu sakanauyesa pa kamwana kongotsala mpweya. Ankadziwa kuti akagwira mapazi awa ndiye kuti masiku khumi ndi asanu ndi atatu otsalawo sadzamunyamula mdzukulu wake, sadzamusambitsa, sadzamununkhiza pamutu. Anayang'ana manja ake kamodzi, n'kugwira akakolo a Sufen. Anali olimba ndi ozizira ngati paipi ija.

"Ndagwira kale. Kachotseni kabichi."

A Teng anaima kukamwa kuli yasa. Kenaka anatembenuka n'kupita pakhonde.

Ntchito yake inawatengera pafupifupi theka la ola, ndipo mphindi iliyonse inkamupweteka Fenglan ngati minga. Khonde linali laling'ono, lotchingidwa ndi magalasi, lodzaza ndi chakudya cha nyengo yonse yachisanu. Anatuta kabichi, anyezi, thumba la nsomba zouma ndi chisanu, n'kuziunjika m'khitchini. A Teng anasesa pansi kawiri, ngakhale Fenglan ankawafulumizitsa. Anapachika bulangeti pamagalasi kuti a nyumba yoyang'anana nayo asaone. Anazula chitseko cha kabati n'kuchiika pamipando iwiri, poti maliro sagona pansi. Kenaka ananyamula, a Teng kumutu ndi dzanja lamanzere ndi chigongono, Fenglan kumiyendo. A Sufen sanali olemera, koma sankapindika, ndipo pakhomo la khonde panali popapatiza moti anachita kuwapendeketsa. Pepala lachikasu lija linatsetsereka. Fenglan anaona nkhope yotuwa, chisanu chili m'zikope, ndi bala lakuda pachipumi. Anatseka maso koma manja sanasiye.

"Tafika, Sufen," ankatero a Teng. "Pano mpabwino, ukuona phiri. Usaope."

Atabwezera pepala, kanyali ndi mbale ya mpunga, anatseka chitseko cha khonde n'kutsekera mipata ndi nsanza. Fenglan anakoka mawindo a m'chipinda. A Teng anatulutsa kagudumu kaja m'thumba la mkati, kukaveka pamutu pake, n'kupotokola. Sikanasunthe.

"Mwaundana," anatero. "Masiku atatu windo lili pululu."

Mantha atsopano anamugwira Fenglan. Aliyense wokulira m'nyumba zimenezi amadziwa zimene ayezi amachita m'paipi yakale. Amaing'amba mwakachetechete, ndipo umadziwa pokhapokha madzi akabwerera, akuda, otentha, akuthovoka mpaka kudenga. Zikatero akampani amatseka nyumba yonse, ndipo sabata imatha. Akanakhala kuti wagwira maliro pachabe.

"Osaikakamiza. Muli ndi ketulo?"

Anawiritsa madzi, kunyika matawulo, n'kukulunga paipi kuyambira padenga kutsika. Tawulo likazizira ankaika lina. A Teng ankayendetsa chala m'munsi mwa paipi kufunafuna mng'alu, khutu lili pachitsulo. Pa ketulo yachitatu mkati munamveka kuti the, ngati fupa lathyoka, ndipo Fenglan anagwira pakamwa. Anadikira madzi othovoka. Sanabwere.

"Bweretsani sipanala yanu ija," anatero a Teng. "Ndaiona kalekale. Munabwera nayo kudzandimenya?"

"Ndinabwera nayo kudzakonza paipi."

"Ehe."

Anakoletsa sipanala pakagudumu, onse awiri n'kugwira, dzanja lamanzere la a Teng pamwamba pa manja a Fenglan. Kanalira, kanasuntha pang'ono, kenaka kanazungulira. Paipi inakhosomola, inagunda kawiri, madzi n'kuyamba kuyenda mkati mogwedeza chitsulo. A Teng anamasula kasikuluwu ka rediyeta yawo. Mpweya unatuluka nthawi yaitali, kenaka madzi akuda ozizira, kenaka ofunda. Fenglan anagwira paipi pamene inalowera pansi kupita kwake, ndipo anamva kutentha kukudutsa m'chikhatho mwake.

"Pitani," anatero a Teng. "Za Loweruka..."

"Ine sindinaone kanthu. Ndinapeza mpweya m'paipi, basi. Loweruka mukafuna wogwira kumiyendo mugogode paipi katatu. Manja anga ndi omwewa, agwira kale."

A Teng anagwedeza mutu, n'kukhala pampando woyang'ana chitseko cha khonde.

Anatsika mothamanga. Nyumba yake inali chipinda chimodzi chija ndi kakhitchini kopapatiza kolowera, kopanda rediyeta. Anaima m'kakhitchinimo n'kusamba m'manja ndi sopo katatu, mpaka m'zigongono, akudziwa bwino lomwe kuti si nkhani ya sopo. Chitseko cha kuchipinda chinali chotseka.

"Amayi, ndi inu? Chitsulo chikulira. Chikuchita ngati m'mimba mwa munthu wanjala."

"Ndi madzi amenewo. Mwana ali bwanji?"

"Ali chimodzimodzi. Lowani mudzamuone."

Fenglan anagwira chogwirira cha chitseko, n'kuchisiya.

"Tamvera, Dongmei. Dzuka naye mwanayo ali pachifuwa pomwepo. Beseni lili pansi pa windo, sikuludiraiva ili pawindo. Kasikuluwu ka pambali kaja ukapotokole pang'ono, kumanzere. Pang'ono pokha, usakachotse."

"Ine? Mwezi uno si paja munati ndisagwire chitsulo chozizira, ndidzadwala nyamakazi?"

"Vala magolovesi. Chita zimene ndikukuuza."

Anamva bedi likulira, mapazi akukwekwereza, kenaka mpweya wautali ukutuluka. Anauza mwana wake nthawi yotseka pomvera phokoso lokha. Kenaka anakhala pa kampando ka m'khitchini, khutu lili pachitseko, n'kumafunsa choyezera chikuti bwanji. Chinakhala pa 11 nthawi yaitali yosautsa. Kenaka 12. Dzuwa likupendeka chinafika pa 15.

"Amayi, bwanji simukulowa? A Teng akuchitani chiyani?"

"Sanandichite kanthu. Ndi nkhalamba chabe."

"Nanga?"

"Kumwamba kuja kunali kozizira, ndikumva ngati chimfine chikundiyamba. Sindikufuna kumupatsira. Chakudya ndizikuikira pakhomo apa, iwe uzitenga."

"Mpaka liti?"

"Mpaka mutatuluka m'chikuta."

"Masiku onsewo? Chimfine chanji chimenecho? Amayi, ine kumusambitsa sinditha. Ndimaopa kuti andipulumuka."

"Uphunzira. Ndizikuuza ndili konkuno."

Dongmei sanali mwana, ndipo anakulira m'nyumba yomweyi, pansi pa paipi yomweyi. Patapita nthawi anafunsa motsitsa mawu kwambiri.

"A Sufen ali bwanji?"

"Akugona," anatero Fenglan. "Usafunsenso."

Sanafunsenso. Fenglan anaika phala la mapira pamoto, n'kuphika mazira awiri, misozi ikugwera pa epuloni. Ankalirira a Sufen, ankalirira mantha a masiku atatu, ndipo ankadzilirira yekha mopanda manyazi. Ankaopabe. Sankadziwa ngati kutenthaku kwafika nthawi yake kapena mochedwa, ndipo njira yokhayo imene iye ankaidziwa yodziwira zimenezo inali kupisa dzanja m'bulangeti.

"Gwira timapazi," anatero ali pachitseko. "Undiuze zoona."

"Tikufunda. Kumanzere kwafunda, kumanja kukubwera."

"Milomo?"

"Dikirani, akudzuka."

Ndiye kamwanako kanalira. Kanayamba monyinyirika, kenaka kanatsegula kukhosi konse, kulira kwaukali kwa munthu wanjala amene wachedwetsedwa, kodzaza chipinda ndi khitchini yomwe. Dongmei ankaseka ndi kulira nthawi imodzi, akuitana amayi ake kuti abwere adzaone mmene akulifunira bere. Manja a Fenglan ananyamuka okha kupita kuchitseko. Anawabweza, anakhala pa kampando kaja, n'kuwakhalira.

"Ndikumumva," anatero. "Muyamwitse. Ndikumumva bwinobwino ndili konkuno."